Dimba lakwiririka ndi mchenga: tiligulitse kapena tililime?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa ku Lilongwe koma kwawo ndi ku Phalombe. Funso lawo ndi ili: "Dimba la amayi anga lili m'mbali mwa kamtsinje kotsika m'phiri la Michesi. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, madzi anasiya mchenga dimba lonse, ndipo chiyambire pamenepo sitinalimemo. Amalume akuti malowo anatha ntchito, tingowapereka kwa otapa mchenga. Kodi nthaka yotere ingaberekenso kanthu?"

Achemwali, musanawayankhe amalume, pezani mnyamata wa khasu ndi fosholo akakumbe maenje atatu m'dimbamo: lina kufupi ndi mtsinje, lina pakati, lina kumapeto. Lililonse lifike m'chiuno. Akumbe mu Ogasiti kapena Seputembala, dzuwa litayamba kuluma. Yankho la funso lanu lili m'maenjemo, chifukwa nthaka ya m'chigwa siweruzidwa ndi nkhope yake ya pamwamba.

Nthaka imeneyi sinabadwire pomwe ilipo. Ndi mlendo, anabwera nayo ndi madzi. Mtsinje ukamatsika m'phiri umathamanga ndipo umanyamula chilichonse. Ukangofika pachidikha mphamvu zimautha, ndiye umayamba kutula katundu, wolemera poyamba. Miyala ikuluikulu imatsala m'tsinde mwa phiri, kenako nsangalabwi, kenako mchenga m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Matope osalala aja amapita kutali, kumene madzi amakaima phee, ndipo n'kumene mumapeza makande. N'chifukwa chake dimba limodzi limatha kukhala la mchenga kumtsinje koma lomata kumapeto. Chigumula chilichonse chimayala mphasa yake pamwamba pa yakale. M'khoma la dzenje mudzaona mizere: woyera, wakuda, woyeranso. Kwanuko mwina umodzi mwa mizere ya pansiyo ndi wa Napolo wa mu Malichi 1991, amene akuluakulu a ku Phalombe samuiwala.

Ndiye muyang'ane zinthu ziwiri. Choyamba, mchenga watsopanowo ndi wokuya bwanji musanafike pa dothi lakuda limene amayi ankalima? Chachiwiri, chinyontho chikuyambira pati?

Ngati mchengawo ndi wongokuya ngati chikhatho, palibe mlandu. Khasu likatipula mwakuya limausakaniza ndi dothi lakale, ndipo ngati pansipo panali makande, mwapindula, poti dothi lomata lija limafewa. Ngati ukufika m'mawondo, musavutike ndi kutipula dimba lonse. Kumbani maenje obzalamo mpaka mukhudze dothi lakale, muthiremo manyowa osakaniza ndi dothi lakudalo, mbewu zimere mmenemo. Koma ngati mnyamata uja walowa mpaka m'chiuno akutulutsa mchenga ndi miyala yokhayokha, pamenepo amalume ali ndi mfundo pang'ono: chigawo chimenecho si cha chimanga kwa zaka zingapo. Bzalanipo nsenjere ndi mitengo.

Khalidwe la mchenga n'losavuta kulimvetsa. Njere zake n'zazikulu, choncho mipata ya pakati pake nayonso ndi yaikulu. Madzi amalowa msanga n'kudutsanso msanga, ngati mwathira m'dengu. Mukatapa wonyowa n'kuufumbata, mukangotambasula dzanja umamwazika, pomwe katondo kapena makande amaumbika. Ubwino wake ulipo: khasu limalowa mosavuta, mizu imapuma, madzi sadikha. Vuto lake n'lakuti susunga madzi kapena chakudya cha mbewu. Feteleza wa Urea mukathira wambiri kamodzi n'kuthirira, amatsika kupitirira mizu, ndalama zanu n'kupita kumtsinje. Ndaonapo anthu akuloza ogulitsa feteleza chala kuti awagulitsa wabodza, chikhalirecho wakuba ndi mchenga wa m'munda mwawo momwe.

Chimene chimapulumutsa nthaka ya m'chigwa ndi madzi a pansi. Phiri limamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse, ndipo madziwo amayenda mumchenga pansi pa dimba ngakhale mtsinje ukuoneka wouma. Ku Chikwawa anthu amafukula mchenga wa mtsinje wa Mwanza n'kutunga madzi mu Okutobala. Ngati dzenje lanu layamba kunyowa musanafike m'chiuno, muli ndi chuma: kachitsime kosaya, keni kapena thiredo pampu, basi dimba ladzuka. Muzingokumbukira kuti mchenga umafuna madzi ochepa koma pafupipafupi, m'mawa kapena madzulo. Kuuthirira kwambiri kamodzi pasabata n'kungotaya mphamvu.

Tsono mubzalemo chiyani? Ine ndingayambe ndi mbatata. Imakonda dothi lofewa, imatupa bwino, ndipo pokumba simuidula ndi khasu. Mitundu yofiira m'kati monga Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Ana Akwanire ilipo, funsani alangizi za mbewu yake. Kholowa wake ndi ndiwo, komanso amaphimba nthaka kuti isapse. Mavwende ndi maungu amachita bwino m'maenje a manyowa aja, chifukwa mizu yake imatsika kukafuna chinyontho. Khobwe, nzama ndi mtedza zimalola mchenga ndipo zimasiya chonde. Chimanga cha mondokwa chiikeni kumapeto kumene dothi ndi lakuda, ndipo feteleza wobereketsa mumugawe kawiri kapena katatu. Tomato samalani naye: timinyongolotsi totupitsa mizu timakonda mchenga kwambiri, choncho musamubwereze pamalo amodzi chaka ndi chaka. Mpunga ayi, umenewo ndi wa makande.

Mankhwala enieni a mchenga ndi manyowa. Ndowe zowolerana, kompositi, manyowa a Mbeya, mapesi, masangwi a mtedza, zonsezo zizibwerera m'dimba, osatentha. Phimbirani nthaka ndi udzu. Musayembekezere kuti kuthira chaka chimodzi kukwanira, chifukwa mumchenga wotentha manyowa amatha msanga. Ndi ntchito ya chaka chilichonse. Mukapeza mbande za msangu bzalani ziwiri zitatu. Mtengo umenewu umakonda zigwa zotere, umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene mitengo ina ikuphuka, ndipo amene anadutsapo ku Golomoti kapena ku Salima anaona mmene chimanga chimabiriwirira pansi pake.

Pali zinthu ziwiri zimene sindingakulangizeni ngakhale pang'ono. Musamangepo nyumba, ndipo musadalire malowa pa chakudya cha dzinja. Mchenga umene mukuuonawo ndi chidindo cha mtsinje chosonyeza kuti pamenepo ndi panjira pake. Limani kuyambira Epulo, mukolole mvula yamphamvu isanayambe. M'mphepete mwenimweni musiyemo bango, nsenjere, vetiva kapena nsungwi, musalime mpaka khasu kugwera m'madzi.

Za otapa mchenga, ndikudziwa kuti ndalama yake imaoneka msanga, ndipo amalume sakunena mwa nkhanza. Kukokolola mchenga wa pamwamba ndi mafosholo mpaka dothi lakale lionekere si koipa. Kumeneko n'kukuvundukulirani dimba. Koma malole akazolowera njira saima pomwe mwawauza. Amakumba mpaka m'mtsinje, mtsinje umazama, madzi a pansi aja amatsika nawo, gombe limagumuka, ndipo chitsime cha amayi ndi cha oyandikana nawo chimauma. Ngati banja lagwirizana zogulitsako mchenga, pakhale amfumu, mukhome zikhomo zosonyeza malire ndi kuya kwake, ndipo pakhale wachibale woima pomwepo tsiku lotapalo. Akakumba maenje aja mujambule makoma ake ndi foni, pambali mutaimika mpini wa khasu kuti ndione kuya kwake, munditumizire.