Mpikisano wa zibaluni usayang'ane kutalika kwa ulendo

Aphunzitsi, mwafunsa ngati pa mpikisano wa zibaluni zopita m'mwamba kwambiri mphoto iyenera kupita kwa gulu limene chibaluni chake chakwera patali m'mwamba kuposa ena. Ine ndikuti ayi, ndipo ndikunena izi nditathandizapo kuulutsa zibaluni zotere pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Britain.

Kutalika kwa ulendo sikudalira nzeru za ana. Chibaluni cha labala chodzazidwa ndi mpweya wa helium chimakwera mamita pafupifupi 5 pa sekondi, ndipo chimanka chifufuma chifukwa mpweya wakunja umapepuka, mpaka kuphulika pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 m'mwamba, patatha ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Sukulu yotha kugula chibaluni chachikulu ndiyo izidzapambana chaka ndi chaka.

Njira imene ndimaikonda ndi ya NASA TechRise Student Challenge, mpikisano wa bungwe la NASA loona za m'mlengalenga ku America, umene unayamba mu 2021 kwa ana a giredi 6 mpaka 12. Ana amapikisana polemba funso lawo la sayansi ndi momwe angaliyesere, magulu osankhidwa amalandira madola 1,500 ndi kabokosi koikamo zida zawo, ndipo mabokosi angapo amakwera pa chibaluni chimodzi. Inunso mukatero mudzagula chibaluni chimodzi ndi parachuti imodzi yotsitsira mabokosi pansi chibaluni chikaphulika, koma sukulu zambiri zidzatengako mbali.

Malikisi ambiri muwaike pa kuyesa zida zisanauluke, chifukwa kumwambako kumazizira mpaka madigiri 50 pansi pa ziro. Ife ulendo woyamba tinaika mabatire wamba. Titapeza bokosi lathu m'munda wa tirigu, ana anathamangira kutsegula kamera, koma zithunzi zinathera pa mitambo, chifukwa kuzizira kunapha mabatire chibaluni chisanafike ndi theka lomwe la ulendo. Mtsikana amene analumikiza mawaya anakhala pansi n'kulira, ndipo cholakwa chinali changa posawauza kuti agoneke bokosilo mufiriji usiku umodzi. Kuyambira pamenepo timagwiritsa ntchito mabatire a lithium, timaika zonse m'bokosi la polystyrene (pulasitiki yopepuka yoteteza ku kuzizira), ndipo timaonetsetsa kuti GPS yathu, kachipangizo koonetsa pamene bokosi lili, si ya mtundu umene umasiya kuonetsa malo ukapitirira makilomita 18 m'mwamba.

Chilolezo musachiiwale. Kuno timapempha ku Civil Aviation Authority, bungwe loyang'anira maulendo a ndege, kutatsala masiku osachepera 28, kuti oyendetsa ndege achenjezedwe, ndipo kumene muliko muyambe mwaonana ndi oyang'anira maulendo a ndege komanso oyang'anira mawailesi. Makolo muwauziretu masiku awiri kapena atatu amene mungaulutse, osati tsiku limodzi lokha, chifukwa ngati pulogalamu yolosera mphepo yaonetsa kuti bokosi likagwera m'nyanja kapena pakati pa tauni, simuyenera kuulutsa, ngakhale alendo atakhala kale pamipando.