Mafuta sanathe pansi, vuto lathu lili pena

Achimwene, mwafunsa ngati mizere ya pa filing'i siteshoni ikutanthauza kuti mafuta akutha padziko, komanso chifukwa chomwe sitikungosamukira ku sola.

Mizereyo gwero lake ndi madola. Kuno sitikumba mafuta, dontho lililonse limadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo eni ake salandira makwacha. Madola akasowa, mapampu amauma, pomwe kwa anzathu ku Tanzania galimoto zikumwa bwinobwino.

Komabe mantha anuwo si achabe. Mu 1956 katswiri wa miyala wa kampani ya Shell, M. King Hubbert, ananena kuti mafuta okumbidwa ku America adzafika pachimake kenako nkuyamba kutsika, ndipo mu 1970 zinaterodi. Sikuti amatha tsiku limodzi ayi. Zili ngati chitsime mu Okutobala: madzi alimo, koma chingwe chikunka chitalika, ndowa ikutuluka ndi matope. Pambuyo pake a ku America anapeza njira yoswa miyala ya pansi kuti atulutsemo mafuta, moti pofika 2018 anapitirira mlingo wa 1970 uja. Hubbert sanaziwone zimenezo, koma mafuta oterewa kukumba kwake nkodula.

Za sola, ife a ku Salima tisamadandaule kwambiri. Ku Nanjoka kuli mapanelo a mamegawati 60 omwe anayamba ntchito mu 2021, ku Nkhotakota aliponso ena. Chovuta nchakuti magetsi sathiridwa mu thanki. Pitani ku Senga Bay madzulo mukaone asodzi a usipa. Nyali za parafini zija ambiri anazitaya, pano akuwalitsa ndi mababu a batire lotchajidwa ndi dzuwa, palibe anachita kuwakakamiza, anangoona kuti zikutchipa. Koma kumbuyo kwa boti injini ikadali ya petulo, ndipo zigubu zikabwera zopanda kanthu, boti limagona pamchenga. Chigayo cha dizilo kumudzi, thiraki yonyamula mpunga, wakabaza wa njinga yamoto, onsewa sungawapatse panelo nkuti zatheka. Ngakhale njinga yamoto ya magetsiyo, kuitanitsa kwake ndi madola omwewo.

Chomwe chimandiwawa ine ndi Dwangwa. Kuyambira 1982 akhala akupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, nkumasakaniza ndi petulo. Ameneyo ndi mafuta athuathu, olimidwa pa dothi la Nkhotakota, olowa mu thanki osafuna batire. Zaka zoposa 40 zapita, ife tikadagonabe pa mzere kudikira thanki yochokera ku Beira.