Lona ameneyo musakulungire AC yanu

Achemwali, lona mwagula kuti mukulungire AC yapanjayo, makina oziziritsa m'nyumba aja, mukamubweze kusitolo, akupatseni ndalama zanu. Zimene mukufuna kuchitazi ndi zomwe zinandidyera dipoziti yanga yonse kuno ku South Bend, mu Indiana ku America, ndipo nditangoona funso lanu loti muikulunge kapena ayi nthawi yozizira, mtima wanga wayambanso kuwawa.

Munali mu Okutobala, chaka changa choyamba m'nyumba yalendi. Alandilodi anatumiza munthu wawo wokonzakonza zinthu. Anafika ndi lona wabuluu n'kukulunga chimakina chonse mpaka pansi, kumata ndi tepi ngati katundu wopita kumudzi. Akuti sinowo wochokera ku Lake Michigan akalowa m'katimo ndiye kuti makina atha. Ine mlendo ndikanatsutsa chiyani? Ndinamuthokoza, ndinamuphikiranso tiyi.

Ndiye kunabwera tsiku loyamba kutentha mu Meyi. Mwana wanga thupi lili moto, akungolira, m'nyumba muli ngati mu uvuni. Ndinadula matepi aja n'kuchotsa lona. Pansi pake chinyontho chokhachokha, masamba owola, zitsulo zitayamba dzimbiri. Ndinalowa n'kuika thermostat, kachipangizo ka m'nyumba kolamulira AC, pa cool. Kunja kunangomveka kung'ung'uza, fani osazungulira, kenako phuu! Fungo lake sindidzaliiwala, ubweya wopserera kusakanikirana ndi pulasitiki. Ndinathamanga wopanda nsapato, mwana ali kumbuyo, kukathimitsa pa kabokosi ka magetsi a AC kamene kali pakhoma panja, manja akunjenjemera. M'mawa mwake wokonza ma AC weniweni atamasula kachitseko kam'mbali, munali chisa. Udzu wouma, tizidutswa ta lona yemweyo, mawaya atatu atatafunidwa mpaka mkuwa kuonekera, ndi tiana ta mbewa tiwiri titapsera pa capacitor, kachipangizo ka magetsi kothandiza fani ndi kompuresa kuyamba. Bamboyo anapukusa mutu n'kunena kuti mbewazi munazimangira nokha nyumba yofunda, mphepo siilowa, chinyontho sichituluka. Makina amenewa anawapanga kuti azikhala panja, mvula ndi sinowo siziwaopsa.

Alandilodi ajatu, foni osayankha masabata awiri, ife tikugona pa simenti ku basement, chipinda chapansi pa nyumba, kuthawa kutentha. Atayankha akuti ndawononga ndine. Munthu wawo uja, yemwe anamwa tiyi m'kapu yanga, anakana ndili pomwepo kuti sanakulungepo chilichonse. Anthu ena Mulungu sawaopa ndithu. Potuluka m'nyumbamo sindinaoneko ngakhale dola imodzi. Ndinadzamva mochedwa kuti lamulo la Indiana limapatsa landilodi masiku 45 kuti akulembere zimene wadula pa dipoziti chimodzichimodzi, bola iwe wamupatsa adiresi yako yatsopano molemba. Ine ndinangowauza pakamwa.

Musanachite chilichonse, funsani ngati makina anuwo si heat pump. Zimaoneka zofanana, koma heat pump ndi imene imatenthetsa nyumba nthawi yozizira. Imeneyo simuithimitsa, simuiphimba, mumangoikokolera sinowo m'mbali kuti izipuma. Ngati ndi AC wamba, sankhani tsiku ladzuwa madzi asanayambe kuundana, thimitsani pa kabokosi kaja, chotsani masamba ndi udzu, mutsuke ndi hozipaipi pang'onopang'ono chifukwa tizitsulo topyapyala tam'mbali timapindika msanga. Iume bwinobwino. Kabokosiko kakhale kothimitsa mpaka kuzizira kuthe, kuopera kuti wina angaiyatse mwangozi, poti AC siyenera kugwira ntchito kunja kukazizira mpaka kutsika pansi pa 60°F (pafupifupi 16°C). Kukadzafunda muyatse pa kabokosipo tsiku lathunthu musanakhudze thermostat, mafuta a mu kompuresa ayambe atenthera. Ngati muli ndi AC yapawindo, imeneyo ndiye ingoichotsani, mukhetse madzi, muisunge choimirira m'nyumba.

Kuphimba kwake, ine pano ndimaphimbabe, koma pamwamba pokha. Ndimaika thabwa la pulayiwudu ndi njerwa ziwiri, chifukwa madzi oundana olendewera kudenga aja akathothoka amatha kuthyola fani. M'mbali monse ndimasiya poyera.

Koma ngati nyumbayo ndi yalendi ndipo eni ake alamula kuti ikulungidwe, musalimbane nawo achemwali, ikulungeni. Kungoti akulembereni pa meseji, munthu wawo akabwera mumujambule ali pantchitoyo, ndipo mu Epulo muwauze atumize wokonza atsegule kachitseko kaja musanayatse.