"Fine" wa kusukulu ndi "fine" wa pamsewu ndi pachibale

Achemwali, mwati mwana wanu wa Sitandade 6 wakuimitsani mutu. Kusukulu amayankha aphunzitsi kuti "I am fine", kusonyeza kuti ali bwino, koma bambo ake atapezeka ndi mlandu wa pamsewu anamva kuti akalipire "fine". Ndiye akufunsa ngati ndi mawu amodzi kapena awiri ongofanana kalembedwe. Mwanayo mumuyamikire, chifukwa ambirife tinakula tikutchula mawuwa tsiku ndi tsiku osadabwa nawo n'komwe.

Yankho ndi lakuti ndi pachibale, mimba imodzi. Onse awiri kholo lawo ndi mawu a Chilatini akuti "finis", omwe amatanthauza mapeto kapena malire. Analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa. Paja mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana angapo akuluakulu a dzikolo ankayankhula Chifalansa, pomwe zikalata za m'makhoti zinkalembedwa m'Chilatini. Mawu ambiri a zamalamulo m'Chingerezi analowera khomo limenelo.

Tiyambe ndi "fine" wa ndalamayu, chifukwa mbiri yake ndi imene imandikoka mtima. Poyamba sanali chilango ayi. Anali malipiro othetsera nkhani. Anthu awiri akakangana, kapena munthu akalakwira mfumu, ankakambirana n'kugwirizana ndalama zoti zikaperekedwa mlandu uthe. M'Chilatini ankati "finem facere", ndiko kuti kuika mapeto. Amene munakhalapo pabwalo la amfumu kumudzi mwaizindikira kale nkhaniyi. Ng'ombe za uje zadya chimanga cha uje, nduna zamva mbali zonse, wolakwa wabweretsa mbuzi, amfumu n'kunena kuti mlandu watha, pasapezeke woudzutsanso. Mbuzi imeneyo ndiye "fine" wa Angerezi akale. Cholinga chake chachikulu sichinali kumupweteka munthu, koma kutseka nkhani kuti anthu apitirize kukhalira limodzi.

Pa nkhani za malo anali ndi njira yochititsa chidwi kwambiri. Pangano lothetsa mkangano linkayamba ndi mawu akuti "finalis concordia", mgwirizano womaliza, ndipo chikalatacho ankangochitcha "fine". Kuyambira mu 1195, nthawi ya Mfumu Richard Woyamba, pamene Hubert Walter ankayendetsa za chilungamo m'dzikolo, panganolo ankalilemba katatu pachikopa chimodzi. Akatero ankachidula mokhotakhota, uyu n'kutenga chidutswa chake, winayo chakenso, chachitatu cha m'munsi n'kusungidwa ndi boma. Wina akadzabwera ndi chikalata chabodza, ankangolumikiza zidutswazo, zikapanda kugwirana mano bodza laonekera poyera. Anthu anaikhulupirira njirayi mpaka ogulitsana malo mwamtendere ankayamba dala mlandu wongopeka, n'cholinga choti khoti liwalembere "fine" wosatsutsika. Zimenezi zinatha ndi lamulo la mu 1833, koma zidutswa za boma zija zilipobe zambirimbiri kumalo osungira zakale ku Kew, mu London.

Panalinso "fine" wogulira chifundo cha mfumu. M'nthawi ya Mfumu John, akazi amasiye a m'mabanja olemera ankapereka ndalama zambiri kuti mfumu isawakakamize kukwatiwanso. Zinawawa anthu kotero kuti chikalata cha Magna Carta cha mu 1215, chimene chinaika malire pa mphamvu za mfumu, chinaletsa kukakamiza wamasiye kukwatiwa. Chilango chenicheni cha ndalama, chija khoti limangokugamulira osakufunsa, chinali ndi dzina lina, "amercement", kuchokera ku mawu otanthauza kukhala m'manja mwa chifundo cha mfumu. M'kupita kwa zaka dzina limeneli linazilala, "fine" n'kutenga malo ake. Kukambirana kuja kunachoka, kunatsala kulipira.

Apa ndimakonda kuyerekeza ndi mawu athu akuti chindapusa. Mukawamvetsera bwino, mkati mwake muli munthu akuvomera kuti "ndapusa". Ife tinayang'ana kwa wolakwa amene akudzichepetsa, Angerezi anayang'ana kumapeto a mlandu. Chinthu chimodzimodzi, koma mtundu uliwonse unachigwira potengera chimene unkachiona chofunika. Kenaka tinabwerekanso mawu a Angereziwo n'kukhala faindi, ndipo mwaona kuti m'Chichewa faindi ndi ya mlandu basi, palibe amene amati "ndili faindi" akadzuka bwino.

Tsono "fine" wa ubwinoyu anafika bwanji kuchokera ku mapeto? Ganizirani za ufa. Mgaiwa ndi chimanga chongogayitsa. Koma ufa woyera mumakonola, kupeta, kuviika mphale, kutsuka, kuyanika, kugayitsa, kuyanikanso, kusefa. Ntchito yafika pamapeto, palibe chotsala choti muchotse. Afalansa akale chinthu choterocho ankachitcha "fin": chomalizika, chofika pachimake. Ankanena zimenezi makamaka za golide ndi siliva woyengedwa mpaka zitsotso zonse zitachoka. Mpaka lero pa golide weniweni amadinda 999, kusonyeza magawo 999 mwa 1000 ndi golide yekhayekha, ndipo muyeso umenewu dzina lake ndi "fineness". Kuchokera pamenepo mawuwa anafalikira ku chilichonse chopangidwa mwaluso: nsalu yabwino, ulusi wopyapyala, mchenga wosalala, ufa wosefa. N'chifukwa chake "fine" amatanthauzanso chinthu chaching'ono kapena chopyapyala kwambiri, monga timalemba ta m'munsi mwa fomu ya ngongole tija amati "fine print".

Mawu akagwira ntchito kwambiri amatha ngati khasu. Amene ankanenedwa pa golide woyengeka anayamba kunenedwa pa nyengo yabwino, pa munthu wooneka bwino, mpaka kudzafika pa moni wa m'mawa. Lero Mngerezi akati chakudya chinali "fine", kawirikawiri akutanthauza kuti chinali bwinoko, chosadandaulitsa, osati chapamwamba. Amene muli ku Britain mukudziwanso kuti munthu akayankha "fine" mwachidule nkhope itagwa, ndiye kuti sizili bwino. Zimenezi kusukulu sanatiphunzitse, ndipo ndikanakonda aphunzitsi akanamawauza ana, chifukwa ambiri timaganiza kuti tikuyamikira kwambiri pamene mnzathuyo akumva ngati tangovomera mwaulemu.

Banja la "finis" ndi lalikulu, ndipo mwana akalidziwa mawu ambiri amamutsegukira pakamodzi. "Finish" ndi kumaliza, "final" ndi chomaliza, ngati fainolo ya mpira. "Refine" ndi kuyenga. "Define" ndi kuika malire a tanthauzo, "confine" ndi kutsekera m'malire, "infinite" ndi chopanda malire. Ngakhale "finance", dzina la unduna wa zachuma, poyamba ankatanthauza kumaliza ngongole kapena kupereka dipo lowombolera wogwidwa. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia ali nawo m'Chipwitikizi: "fim" ndi mapeto, "fino" ndi chopyapyala, ngakhale chindapusa iwo amati "multa", mawu ochokera ku muzu wina.

Mwanayo mungamufotokozere ndi mawu athu akuti kulemera. Thumba la chimanga likalemera ndi nkhani ina, munthu akalemera ndi nkhani inanso, koma muzu ndi umodzi, ndipo palibe Mchewa amene amasokonezeka. Pa Chingerezipo amvetsere mawu oyandikana nawo. Akamva "a fine", "pay a fine" kapena "he was fined", pali ndalama zotuluka m'thumba. Akamva "I am fine", "fine weather" kapena "fine flour", akufotokoza mmene chinthu chilili. Madzulo ano mumupatse sefa ndi ufa pang'ono asefe yekha, kenaka mumufunse kuti "fine" uti ali m'lichelomo.