Funsani Dokotala: Ndikaluka zala zimachita dzanzi

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 41, ndimaluka masweta a ana asukulu kuno ku Dedza. Kukayamba kuzizira maoda amachuluka, moti ndimaswera pamphasa tsiku lonse. Masiku ano ndimadzidzimuka usiku dzanja lamanja litachita dzanzi, ndipo limasiya ndikalikutumula. Khosinso likuwawa. Anzanga akuti ndi BP, n'zoona?

Yankho: Mayi, BP kayezetseni ndithu, koma zomwe mwafotokozazi zikuloza kwina. Polumikizira dzanja ndi mkono pali kampata kopapatiza komwe mumadutsa mtsempha wopita ku zala (osati wa magazi, koma wochititsa zala kumva kukhudza), pamodzi ndi minyewa 9 yopinda zalazo. Mukamaluka maola ambiri dzanja lili chopindika, m'kampatamo mumatupa ndipo mtsemphawo umapanikizika. Azachipatala amati carpal tunnel syndrome.

Usiku uno likayamba, mudzimvetsere. Ngati dzanzi lili kuchala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chotsatira, koma kachala kakang'ono kali bwinobwino, mwina ndi vutoli. Limakula usiku chifukwa ambiri timagona titapinda manja. Kachipangizo komanga dzanja kuti ligone mowongoka kamathandiza kwambiri. Funsani a physiotherapy (a mafizo) kuchipatala chanu. Kayezetseninso shuga, poti vutoli limakonda odwala shuga komanso amayi oyembekezera.

Za khosi, mphasayo ndikuikayikira. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo mukaweramira pamiyendo minofu yakumbuyo kwa khosi imagwira ntchito osapuma kuti usagwe. Khalani pampando wotsamira, mapazi apondetse pansi, kansalu kokulunga kakhale kumsana chakuchiuno. Pamiyendo ikani pilo kuti cholukacho chikwere, zigongono zikhale pafupi ndi nthiti. Sweta ikakula isamalendewere pasingano, kulemera kwake kumathera m'manja mwanu. Ngati mphasa simungaisiye, tsamirani khoma.

Komabe palibe kakhalidwe kabwino kokhala maola anayi osasuntha. Mphindi 20 kapena 30 zilizonse ikani singano pansi, imirirani, yendani pang'ono, tambasulani zala, zungulizani mapewa. Ndikudziwa kuti oda ikafika pothina aliyense amati "ndingomaliza mzere uwu", koma dzanja likafooka mudzataya masabata. Singano musamazifinye, ndipo madzulo musalukire pakuwala kochepa, chifukwa kumakuweramitsani. Atelala ndi oswera pakompyuta, izi ndi zanunso.

Brufen amaziziritsa ululu koma sachotsa kupanikizikako, ndipo ngati muli ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso kapena pathupi, musamwe musanafunse dokotala. Dzanzi likayamba kukhala usana wonse, mukamagwetsa kapu, kapena mnofu wapatsinde pa chala chachikulu ukayamba kuphwa, pitani kuchipatala msanga. Mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali mwina sungachire wonse, ndipo nthawi zina pamafunika opaleshoni yaing'ono yomasula kampatako.