Alamu akutumizidwa ku Shanghai: kodi Ajeremani a kumeneko adzakutengani ngati wawo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene anakwatiwa ndi Mjeremani ndipo akhala ku Stuttgart kwa zaka 9. Dzina sinditchula, koma anandilola kuti ndiyankhe poyera. Analemba chonchi: "Kampani ya amuna anga ikuwatumiza ku Shanghai kwa zaka zitatu. Tili ndi ana awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 4. Chijeremani ndimalankhula bwino, koma Chitchaina ngakhale moni sindimudziwa. Bambo akuti ndisade nkhawa chifukwa kumeneko kuli Ajeremani ambiri, sukulu iliko, tchalitchi chiliko, ngakhale buledi wakuda aliko. Kodi n'zoona? Nanga ine Mmalawi, anthu amenewo adzanditenga ngati mnzawo?"

Achemwali, alamuwo sananame. Zonse atchulazo ziliko, ndinaziona ndi maso anga pa zaka zisanu zimene ndinagwira ntchito mumzindawo pakampani ina ya Ajeremani yogulitsa zipangizo za makina. Kungoti akufotokoza Shanghai wa munthu amene m'mawa galimoto imabwera kudzamutenga, ku ofesi n'kupeza mlembi wodziwa zilankhulo zitatu akumudikira. Shanghai wanu adzakhala wina, ndipo ndi amene ndikufuna tikambirane.

Tiyambe ndi sukulu, chifukwa ndi imene imakusankhirani kokhala. Mzindawu uli ndi anthu pafupifupi 25 miliyoni, kuposa a ku Malawi konse, ndipo mtsinje wa Huangpu unaugawa pawiri: Puxi kumadzulo, Pudong kum'mawa. Deutsche Schule Shanghai ili pamalo awiri, ku Hongqiao chakumadzulo ndi ku Yangpu chakumpoto cha kum'mawa. Konseko bwalo ndi logawana ndi sukulu ya Afalansa, moti pa nthawi yoweruka pageti pamamveka zilankhulo ngati pamsika. Maphunziro ake ndi a ku Germany mpaka Abitur, mayeso awo omaliza a sekondale, ndiye wamkuluyo akadzabwerera ku Stuttgart adzangopitiriza pamene analekezera. Mabanja ambiri amachita lendi m'mipanda yozungulira sukuluzo, momwe muli alonda pageti, dziwe losambira ndi kashopu kogulitsa tchizi ndi soseji. Ngati alamu ali m'makampani a galimoto, monga ambiri ochokera ku Stuttgart, mwina azidzagwira ntchito ku Anting, kumene Volkswagen inakhazikika itasainirana mgwirizano ndi Matchaina mu 1984, kapena ku Taicang, tauni ya m'chigawo cha Jiangsu pafupifupi makilomita 50 kuchokera ku Shanghai. Ku Taicang kampani yoyamba ya Chijeremani, Kern-Liebers, inafika mu 1993, ndipo lero kuli makampani a Ajeremani oposa 400. Ku Anting ndi kufupi ndi Hongqiao. Musalole kuti munthu wofufuza nyumba akukopeni ndi fulati yokongola yoyang'ana mtsinje, mwana n'kumathera ola lathunthu m'basi m'mawa uliwonse.

Ajeremani si alendo a dzulo mumzindawu, ndipo kudziwa zimenezi kumathandiza kumvetsa mmene amadzionera. Yunivesite ya Tongji inayamba mu 1907 ngati sukulu ya zachipatala imene anayambitsa dokotala wa Chijeremani, Erich Paulun. Pa Bund, msewu wotchuka wa m'mbali mwa mtsinje uja, panali kalabu yawo, Club Concordia, imene boma la China linailanda pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pamalopo lero pali nyumba ya Bank of China. Hamburg ndi Shanghai ndi mizinda yapaubale kuyambira 1986. Ngakhale sitima yoyandama ndi maginito imene imanyamula anthu kuchokera pabwalo la ndege la Pudong, makilomita 30 m'mphindi 8 zokha, ndi luso la Siemens ndi ThyssenKrupp, ndipo palibe Mjeremani amene amaiwala kukuuzani zimenezo.

Koma pali mbiri ina imene paphwando la mowa simungaimve. Kuyambira 1938, Ayuda pafupifupi 18,000 othawa Hitler ku Germany ndi ku Austria anafika ku Shanghai, chifukwa unali umodzi mwa mizinda yochepa kwambiri imene munthu ankatha kulowamo popanda viza. Ambiri anakhala ku Hongkou, pakati pa Matchaina osauka, n'kutsegula timalo ta khofi, ophika buledi, ngakhale manyuzipepala a Chijeremani, mpaka dera lina anthu ankalitcha Vienna wamng'ono. Mu February 1943 asilikali a ku Japan, amene ankalamulira mzindawo, anawapanikiza onse m'kadera kamodzi. Mmodzi mwa anyamata amene anakulira kumeneko, Michael Blumenthal, anadzakhala nduna ya zachuma ya America pa nthawi ya Jimmy Carter. Sunagoge wawo wa Ohel Moshe pa msewu wa Changyang lero ndi nyumba yosungira mbiriyi. Ine ndinapitako katatu. Ulendo woyamba ndinaima nthawi yaitali pakhoma lolembedwa mayina awo, ndikuganiza kuti anthu ambiri olankhula Chijeremani amene anakhalapo mumzinda uno sanabwere ndi kontirakiti ya kampani ndi dalaivala, anabwera ndi sutikesi imodzi, dziko lawo litawakana. Mukakhazikika kapiteni, ana akasinkhuka mudzawatengenso.

Tsopano funso lanu lenileni.

Viza imene mudzalowere ndi ya wotsatira mwamuna, ndipo siilola kugwira ntchito. Ngati ku Stuttgart munali pantchito, konzekerani mtima, chifukwa apa ndi pamene amayi ambiri, Ajeremani enieni omwe, amagwa ulesi ndi moyo. Bambo atuluka 7 koloko, ana akwera basi, m'nyumba mwatsala inu ndi mayi wothandiza ntchito, amene kumeneko amati ayi, ndipo inu ndi iye simukumvana ngakhale liwu limodzi. Moyo wa gulu la Ajeremani masana uli m'manja mwa amayi oterewa. Ndi amene amakonza zokumana kumwa khofi m'mawa, maulendo oyendera mzinda, misika yogulitsana zovala za ana zakale, komanso zonse za makolo kusukulu. Deutscher Club Shanghai ndi khomo limodzi lolowera. Lina ndi mpingo wa olankhula Chijeremani, umene Akatolika ndi Achipulotesitanti amayendetsa limodzi, chinthu chimene ku Germany komweko sichichitika kawirikawiri. Abambo ali ndi zawo za bungwe la amalonda la AHK, ndi Stammtisch, kuja kokumana patebulo limodzi la m'bala tsiku lodziwika.

Adzakulandirani? Inde, ndipo msanga kuposa mmene anakulandirirani ku Stuttgart. Mukudziwa nokha kuti Mjeremani kwawo amatha kukhala nanu khomo loyandikana zaka zisanu akukuitanani Sie, ulemu wa "inu" uja wokuimikani patali. Ku Shanghai Du, "iwe" wa pachinzake uja, amabwera tsiku loyamba. Chifukwa chake n'chakuti aliyense ndi mlendo, aliyense anasocherapo, ndipo aliyense akudziwa kuti zaka zitatu sizichedwa, palibe nthawi yoyesana. Chilankhulo ndiye chiphaso. Mukangotsegula pakamwa n'kutuluka Chijeremani cha ku Schwaben, dera la Stuttgart, nkhani yatha. Mudzapezanso kuti si inu nokha wobwera: akazi ambiri a Ajeremani kumeneko ndi Matchaina, ena ndi a ku Brazil, Mexico kapena Hungary, kumene makampani omwewo ali ndi mafakitale. A ku Austria ndi a ku Switzerland nawo ali m'gulu lomweli, ngakhale a ku Switzerland akayamba kulankhulana okhaokha, Mjeremani wa ku Hamburg amangoti kukamwa yasa ngati ife tomwe.

Komabe musanatsegule pakamwapo, maso amakhala ataweruza kale. Paphwando lina la tsiku lobadwa la mwana wa mnzanga wa kuntchito, mayi wina anandiyandikira mwaulemu ndithu, n'kundifunsa m'Chingerezi kuti ndimagwira ntchito kubanja liti, komanso ngati ndili ndi masiku opanda ntchito. Ndinamuyankha m'Chijeremani kuti Loweruka ndi Lamlungu ndimakhala ndilibe ntchito, koma sindisita. Anafiira nkhope mpaka m'makutu. Tinadzakhala mabwenzi pambuyo pake, koma sindikubisirani, usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Inuyo ndi ana a khungu loyererako, funso limenelo mudzakumana nalo. Kunja kwa mpanda ndiye kuli zina: kukuyang'anitsitsani m'sitima, kukujambulani osapempha, agogo ofuna kugwira tsitsi la mwana. Pakati pa Shanghai n'zochepa, anthu anazolowera; mukatuluka kupita m'matauni ang'onoang'ono zimachuluka. Kambiranani ndi wamkuluyo musananyamuke, ndipo alamu akhalepo pokambiranapo, chifukwa iwo sadzaziona pokhapokha mutawauza.

Chimene ndikuopa ine si choti adzakukanani. Ndikuopa kuti adzakulandirani bwino kwambiri moti simudzatulukanso. Mudzi umenewu ndi wofunda: dokotala wolankhula Chijeremani, buledi wa Chijeremani, mpira wa Bundesliga m'bala Loweruka usiku cha m'ma 9 kapena 10 koloko. Ndinadziwa mabanja amene anatha zaka zinayi osadziwa kuwerenga mpaka teni m'Chitchaina, nkhani zawo zili zodandaula za ayi ndi za dalaivala basi. Ndipo mudziwo ndi wa mame. June aliyense sukulu ikatseka, makontena amaima pamakomo, mnzanu amene munamukhuthulira zakukhosi n'kubwerera ku Wolfsburg. Amene satha ndi Matchaina oyandikana nawo, mayi wogulitsa masamba, mphunzitsi wa chilankhulo. Lembetsani kalasi ya Chitchaina mwezi woyamba, ndipo uzani alamu aikitse ndalama yake m'kontirakiti asanasaine. Makampani ambiri amalipira, koma wosapempha sapatsidwa. Inu muli ndi mwayi umene anzanuwo alibe: munaphunzirapo kale kukhala kwa eni, kuyambira pa ziro. Ambiri a iwo ndi koyamba.

Nkhani za gulu zimayenda pa WeChat, pulogalamu ya pafoni yonga WhatsApp. WhatsApp, Facebook, YouTube ndi Google n'zotsekedwa ku China, ndiye achibale kumudzi auzeni aike WeChat pafoni inu musananyamuke. Kumeneko nthawi ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi kwathu. Pa WeChat pomwepo pali magulu a makolo a kalasi iliyonse, a mpanda uliwonse, ogulitsana mipando, ofunsana za madokotala. Wina amayenera kukulowetsani, ndiye mayi woyamba amene mudzacheze naye pageti la sukulu, m'pempheni. Kulipira chilichonse, ngakhale anyezi, ndi pa WeChat kapena Alipay. Kufunika kwa magulu amenewa kunaoneka mu 2022, pamene mzinda wonse unatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid kuyambira kumapeto kwa March mpaka pa 1 June. Chakudya chinkapezeka poitanitsa pagulu, nyumba yonse pamodzi, ndipo amene ankayendetsa zimenezo anali Matchaina a m'nyumbazo. Alendo amene sankadziwa dzina la woyandikana naye aliyense anaona zakuda. Ambiri anachoka chaka chimenecho, moti gulu limene mukalipeze ndi locheperapo poyerekeza ndi la kale, ndipo maudindo ambiri amene ankakhala a Ajeremani tsopano ali ndi Matchaina.

Zamapepala mwachidule: mlendo aliyense amalembetsa kupolisi pasanathe maola 24 chifikireni panyumba. Setifiketi ya ukwati ndi za kubadwa kwa ana zitsimikiziridwe mukadali ku Germany. Alamu alembetse banja pa ELEFAND, kaundula wa boma lawo wa nzika zokhala kunja. Ngati mukadali ndi pasipoti ya Malawi, ofesi ya kazembe wathu ili ku Beijing, ulendo wa maola anayi ndi theka pa sitima yothamanga, ndiye ionetsetseni kuti ili ndi zaka zokwanira musanakwere ndege. Kupita kumudzi, Ethiopian Airlines imachoka ku Pudong kudzera ku Addis Ababa.

Kalendala yawo mukuidziwa kale, kungoti kumeneko imakoma mwina. Tsiku la umodzi wa Germany, 3 October, limagwera m'kati mwa sabata ya tchuthi chachikulu cha China, pamene theka la mudzi lathawira ku Thailand. Pa 11 November ana amayenda ndi nyali za Sankt Martin, alonda a pageti akuonerera modabwa. December kuli msika wa Khirisimasi, ndipo pamzere wa Glühwein, vinyo wotentha uja, Matchaina achinyamata ndi amene amachuluka kuposa eni mwambo. Nyengo yozizira ndiyo idzakudabwitsani: Shanghai ali kum'mwera kwa mzere umene boma linaika wa mizinda yotenthetsera nyumba, choncho mafulati ambiri alibe zotenthetsera zenizeni, ndipo kuzizira kwake n'kwachinyezi, kolowa m'mafupa. Pofuna nyumba funsani ngati ili ndi zotenthetsera pansi. M'mwezi wa June ndi July kumagwa mvula yosalekeza, nsapato n'kuchita nkhungu m'kabati.

Pomaliza za m'khitchini, popeza ndikudziwa kuti buledi wakudayo ndi nkhawa ya alamu, si yanu. Tulukani mumpanda, pitani kumsika wa masamba wa anthu wamba. Mudzapeza bonongwe, amati xiancai, wofiira pakati. Kholowa aliko, therere liliko, mpiru uliko, nsonga za nkhwani ziliko pa nyengo yake, ndipo nsomba ya mtundu wa chambo amagulitsa yamoyo, mumaloza nokha m'madzi. Ku Stuttgart zimenezi munkazilota. Ufa wachikasu uli paliponse koma nsima yake siigwira bwino. Woyera mudzaitanitsa pa Taobao, msika wa pa intaneti, wina akakuthandizani kulemba dzina lake. Mthiko ndi chipande zokha ndiye ikani m'sutikesi yanu, musaike m'kontena, chifukwa kontenayo imatha miyezi iwiri panyanja.