Achemwali, pitani ku Chia, koma mudzuke m'mamawa

Achemwali amene mwafunsa za ulendo wa paboti, ndaona ambiri akuyankhani kuti Senga Bay, Senga Bay, ine ndiyankha mosiyanako chifukwa funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati alamu anu akubwera kuchokera ku Johannesburg ndi ana awiri, muli ndi tsiku limodzi lokha, mukufuna boti lanulanu osati lodzazana ndi anthu osawadziwa, munthu wodziwa malo akuperekezeni kumathiriro a mtsinje, kenako mudye zakumudzi zenizeni osati tchipisi ndi nkhuku. Ngati ndi choncho pitani ku Chia, ku Nkhotakota. Kuchimuna kwathu ndi chakomweko ndipo ulendo umenewu ndauyendapo katatu, kamodzi ndinalira nawo, kawiri zinali bho.

Osati Salima ndikuyinyoza ayi. Mathiriro a Linthipe ndi okongola zedi, mtsinje umenewo umanyamula madzi a mtsinje wa Lilongwe nkudzawakhuthula m'nyanja moyang'anizana ndi zilumba za Maleri, ndipo zilumbazo zili m'gulu la Lake Malawi National Park. Koma kuchokera ku Senga Bay ndi kamtunda ndithu, mumadutsa panyanja penipeni, mafuta amapita ambiri, ndiye muli ndi ana mphepo ikangotembenuka tsiku lonse lathera kusanza ndi kupemphera. Chia ndi thamanda, madzi ake ndi otetezeka ndi mtunda mbali zonse, ndi lalikulu kuposa mathamanda onse a m'mbali mwa nyanja yathu, pafupifupi masikweya kilomita 17. Mitsinje ngati Lifuliza ndi Likoa imathira m'menemo kudutsa m'madambo a bango ndi gumbwa, kenako madzi onsewo amatulukira pakakhwawa kamodzi kodutsa pansi pa mlatho wa msewu wa M5 nkukalowa m'nyanja. Ndiye tsiku limodzi mumaona zonse zitatu, mathiriro a mitsinje, thamanda, ndi pamene madzi ofiirira a Chia amakumana ndi madzi obiriwira a nyanja, pamakhala mzere ooneka ndi maso ngati wina wachita kujambula.

Kayendedwe sikovuta. Kuchokera ku Lilongwe mutsike ndi msewu wa Salima, pa Kaphatenga mukhotere kumanzere, mudutse Khombedza, Benga, mukamamva fungo la nsomba pawindo ndiye kuti mwafika, ndi makilomita ngati 24 musanafike pa boma la Nkhotakota. Koma musayese kunyamuka ku Lilongwe tsiku lomwelo, apa ndiye pali nkhani yonse. Mukagone ku Nkhotakota kapena malo ogona a m'mbali mwa nyanja chakufupi, kuti 6 koloko ikamakwana muli kale pamadzi. Chia wa m'mamawa ndi Chia wa masana ndi malo awiri osiyana. M'mamawa madzi amakhala bata ngati galasi, asodzi akubwerera ndi zomwe agwira usiku, akakowa ali mbuu m'mabango, atsekwe akuuluka m'mizere, nkhwazi ikulira pamwamba pa mtengo mutu utapendekera kumbuyo. Ikamati 11 koloko dzuwa la ku Nkhotakota lija limakhala lakwiya, mbalame zabisala, nsomba zabwino amalonda apakira kale m'makula bokosi kupita nazo ku Lilongwe, inu mumangoona madzi ndi thukuta lanu.

Ndikuuzeni mmene ndinalirira kkkk. Ulendo woyamba ndinatenga anzanga a kuntchito, ndinapeza munthu pa Facebook, zithunzi zokongola, Chingerezi chosalala, anati tumizani theka la ndalama zonse ndikonza ine. Tafika m'mawa munthu kulibe, foni ikungoitana, wabwera cha m'ma 10 ali ndi mnyamata amene wangomupeza padoko pomwepo, mwini wake Chia sankamudziwa nkomwe, nditamufunsa kuti mtsinje uwu ndi uti anayang'ana mnyamata uja kuti ayankhe. Tili pakati injini thii, mafuta atha, anagula ochepa kuti apindule. Tinabwerera mopalasa dzuwa lili paliwombo, ndipo chakudya chakumudzi chimene analonjeza chija chinali nkhuku ya m'filiji ndi tchipisi zozizira m'mabokosi. Anzanga mpaka lero amandiseka.

Ndiye phunziro langa ndi ili, gayidi wanu akhale munthu wa pompo, msodzi kapena mwana wa msodzi, osati wa pakati amene amangodya komishoni. Mukafika madzulo a dzulo lake pitani pamsika wa nsomba wa pamlatho paja, mufunse a komiti ya padoko, amene amati BVC aja, ndi amene amayang'anira usodzi ndipo amadziwa mwini boti aliyense, woledzera amamudziwa, wa injini yovuta amamudziwanso. Kapena mufunse kumene mwagonako akulumikizeni, koma munthuyo mumuone ndi maso, boti mulione, musanapereke kalikonse. Mtengo mugwirizane mogawa, ya boti payokha, ya mafuta payokha, ya chakudya payokha, ndipo mafutawo ndi bwino mugule nokha pa filing'i siteshoni mubwere nawo m'chigubu, muonjezereko malita angapo apadera. Ndalama zikhale zapamanja zosinthasintha, netiweki m'madambomo imabwera nkumapita, musadalire kuti mutumiza pafoni.

Za malaifi jaketi musachite nazo manyazi. Akakuuzani kuti aaa madzi ake ndi osaya amayi musaope, inu nenani kuti popanda majaketi sitikwera, makamaka a ana, ndipo muwayeze anawo usiku womwewo chifukwa jaketi ya munthu wamkulu mwana amangopulumukamo. Bwato losema lija ndi lokoma pachithunzi koma kwa munthu osazolowera limagudubuka ngakhale ndi kuyetsemula, tengani boti lamatabwa la injini, likhalenso ndi nkhafi. M'mabango mukalowa injini amazimitsa nkumapalasa, ndi pamene ulendo umakoma.

Ulendo wachiwiri anatitenga ndi bambo wina wachikulire, mnzawo wa amalume anga, munthu osayankhulayankhula. Tikulowa m'kanjira ka m'gumbwa kopapatiza moti masamba ankatikwapula kumaso, iwo anangokweza dzanja kuti tikhale chete, nkuyamba kugogoda nkhafi m'mbali mwa boti, go go go, kudikira, go go go. Ine ndimvekere akutani awa. Patsogolo pathu mamita ochepa madzi anangoti phwii, makutu awiri ang'onoang'ono, kenako mutu wonse wa mvuu, inatiyang'ana nkumira, iwo anatembenuza boti mwakachetechete nkudzera njira ina. Atatuluka ndi pamene anati mvuu siifuna kudzidzimutsidwa, ukaiuza kuti ndikubwera imakupatsa njira, koma ikakhala ndi mwana usayese nkomwe kukambirana nayo. Zimenezo munthu wa pa Facebook uja akanazidziwira kuti? Ng'ona nazo zilimo, ndiye ana asalowetse manja m'madzi, ndipo zosamba mu Chia iwalani, kupatula ng'ona madzi odekha a m'mabango ndi kwawo kwa nkhono za likodzo. Akafuna kusambira mukawasambitse kunyanja pamchenga poyera madzulo.

Tsopano chakudya, pamene ine mtima wanga uli. Musalole kuti akuphikireni kulodge nkunyamula. Muuzeni gayidiyo kuti nkhomaliro mukadyera pakhomo, kwa akazi ake kapena achemwali ake, muwapatse ndalama ya ufa, mafuta ophikira, tomato ndi nkhuni dzulo lake, komanso ya ntchito yawo payokha m'manja mwawo, osati kudzera kwa bambo, mukundimva eti. Nsomba musagule pamsewu, mugule pamadzi kwa asodzi amene mukumane nawo m'mawa, ikadali kuphiriphitha m'bwato. Mu Chia mumapezeka makumba, mlamba, nthawi zina chambo ndi kampango chakunyanja. Anthu a m'tauni amangodziwa chambo, koma makumba a fuleshi ongowang'amba, mchere, ndimu, nkuwaika pamakala, simungasiyanitse kwenikweni ndipo mtengo wake ndi wachifundo. Kampango ndiye apange wamsuzi, alibe minga yambiri, ana amadya bwinobwino. Poyang'ana nsomba tsegulani makha, akhale ofiira, maso owala, mukaidina ndi chala mnofu ubwerere.

Nsima yake ndi kondowole, ku Nkhotakota ndiye kwawo. Alamu anuwo muwakhazike pafupi ndi moto aone mmene amaphikira chifukwa ndi sewero palokha. Chinangwa amayamba achivika m'madzi masiku angapo kuti chifewe ndi kuchoka kuwawa, nkuchiyanika, nkusinja, ndiye kafungo kowawasa kaja kamachokera pamenepo. Pophika sachita phala ngati ya chimanga, madzi akawira amathira ufa nkuphula poto, mayi amakhala pansi nkuupana mphikawo ndi mapazi, manja onse awiri pamthiko, kukoka ndi kutembenuza, thukuta lili chuchuchu, nsima ikukana ngati labala, mpaka isalale nkumanyezimira. Amayi amene anatiphikira ife anandipatsa mthiko kuti ndiyese, ndinatembenuza kawiri basi mkono unafa, ana a pakhomopo kuseka mpaka kugwa. Podya musatafune, mumangotema kambamu kakang'ono, kuviika mumsuzi, nkumeza. Amene atafune adzakuuzani kuti kondowole ndi woipa, vuto ndi iwo. Pambali pakhale chigwada chotendera, masamba a chinangwa chomwecho osinja bwino, ndi kausipa kofutsa ngati kalipo.

Komabe muwauze aphikenso mpunga, wa ku Nkhotakota konko wonunkhira uja, amalima m'madambo omwe muzidutsawo. Ana obadwira kunja kondowole tsiku loyamba amatha kungomuyang'ana, komanso amakhalitsa m'mimba, munthu osazolowera akadya wambiri masana ulendo wonse wotsala amangofuna mphasa. Madzi akumwa nyamulani anu okwanira, thobwa akakupatsani mufunse ngati madzi ake anali owiritsa, kwa alendowo ndikunena, ife zathu zinazolowera. Mukapita nthawi ya mango cha mu Novembala mpaka Januwale ndiye simufunanso zotsekemera zina.

Simunanene mwezi umene akubwera, ndiye ndingokuuzani mmene chaka chimayendera. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, m'thamanda mumayendeka m'mawa koma kutulukira kunyanja gayidi akakana musamukakamize, amene amaidziwa nyanja ndi amene amaiopa. Seputembala ndi Okutobala kumatentha koopsa koma madzi amakhala odekha, kwa ine ndi nthawi yabwino. Kuyambira Novembala boma limatseka kwa kanthawi usodzi wa makoka panyanja kuti chambo chiswane, ndiye chambo chikasowa musadabwe ndipo wina akakubweretserani tiana ta chambo musagule, mukugula nsomba za chaka chamawa. Dzinja madzi amadzadza, kumakhala kobiriwira, mbalame zambiri, koma tinjira ta kumidzi ndi matope okhaokha ndipo udzudzu umachita kukunyamula. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu ndi neti musaiwale nyengo iliyonse, ndipo alendowo afunse adokotala awo za mankhwala oteteza malungo asananyamuke, Nkhotakota pa malungo sitiseka nayo.

Kanthu kena kakang'ono, dera limeneli Asilamu ndi ambiri. Chitenje chikhale m'chikwama, mukamatsika boti kulowa m'mudzi mumange, atsikana asayende ndi zosambira pakati pa anthu. Mowa ngati alamu amamwa muusiye kogona, musafike nawo pakhomo pa eni musanafunse. Lachisanu masana ambiri amapita kumzikiti ndiye ngati mungathe sankhani tsiku lina. Zithunzi muzipempha kaye, makamaka amayi akamasamba kapena kuchapa padoko, alendo ena amangotulutsa foni ngati ali kumalo osungira nyama, zimanyansa.

Mukadya nkupuma pansi pa mtengo wa mango, cha m'ma 2 koloko mwamaliza za pamadzi. Mphamvu zikakhalapo thamangirani pa boma mukawaonetse ana mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mkulu wa ogulitsa akapolo, mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo, Nkhotakota inali doko lalikulu lowolotsera akapolo kupita tsidya la nyanja, ana a ku Joni mbiri imeneyo sakaimva kusukulu kwawo. Ku Nkhotakota Wildlife Reserve, kumene a bungwe la African Parks anasamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, musakuphatikize tsiku lomweli, nkhalango yake ndi yaikulu, ndi ulendo wa tsiku lake, ndipo mukadzapita mukaone mtsinje wa Bua umene mpasa zimakwera kukaswana.

Pobwerera mudzaima pamlatho kugula nsomba zopita nazo kunyumba, zimenezo ndikudziwa kale. Kula bokosi ndi ayisi mugulire ku Salima popita, zija zomangirira nsomba pagalasi lagalimoto zimagwira ulendo waufupi, kukafika ku Lilongwe ndi dzuwa la Okutobala mudzafika ndi ntchentche za maboma atatu. Mukatsimikiza deti mundiuze, ndiwaimbira amalume afunse ngati bambo a nkhafi aja akadali ndi boti lawo.